Munich ndi LiMux: mzinda umene unatuluka mu Windows n'kubwereramo

Ntchito yanga ndi yoyang'anira makompyuta ndi maseva a m'maofesi, ndipo chaka chilichonse ikafika nthawi ya bajeti ndimakhala patebulo limodzi ndi a zachuma. Funso limakhala lomwelo: tizilipirabe malaisensi, kapena tisamukire ku mapulogalamu a open source, amene aliyense amaloledwa kuwagwiritsa ntchito ndi kuwasintha? Likangofunsidwa, pamapezeka wina woti, "Aja a ku Munich anayesa, zinawakanika." Wina n'kuyankha kuti, "Ayi, a ku Munich anapulumutsa mamiliyoni." Onse awiri akunena mzinda umodzi, ndipo aliyense wangotola chidutswa chimene chikumukomera. Lipotili ndalilemba kuti nkhaniyo iyalidwe kuyambira pachiyambi. Ine ndikaiwerenga ndimaona kuti chingwe chimene chimamangirira bungwe kwa wogulitsa mmodzi chimakhala m'mafayilo, m'timapulogalamu ting'onoting'ono ta m'madipatimenti ndi m'mitu ya anthu, ndipo Windows kapena Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, koma ya open source) ndi mfundo imodzi chabe ya chingwecho.

Tsiku losamuka linasankhidwa ndi wina

Munich ndi likulu la chigawo cha Bavaria, kumwera kwa dziko la Germany. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, khonsolo ya mzindawu inali ndi makompyuta a padesiki pafupifupi 14,000, ambiri akuyendera Windows NT 4.0 ndi Microsoft Office. Makinawo ankagwira ntchito bwinobwino. Vuto linabwera pamene Microsoft inalengeza kuti isiya kusamalira NT 4.0. Kwa amene sali mu ntchito yathuyi: kampani ikasiya kusamalira pulogalamu, kompyuta siizima tsiku lomwelo. Imayakabe, koma pakapezeka mpata wolowera akuba kapena mavairasi, palibenso wotumiza chigamba chotsekera. Ofesi yosunga mayina a nzika, misonkho ndi ziphaso za galimoto singagone ndi chitseko chotero.

Ndiye khonsolo inayenera kugula malaisensi a Windows XP ndi Office yatsopano, ndiponso kusintha makina amene sakanatha kunyamula zatsopanozo. Makhansala ena chinawawawa n'chakuti tsiku losamuka, kosamukira ndi mtengo wake, zonse zinasankhidwa ku Redmond, kulikulu la Microsoft ku America, osati mu holo ya khonsolo yawo. Anapempha kuti pafufuzidwe njira zina.

Nkhani itamveka, mkulu wa Microsoft panthawiyo, Steve Ballmer, anadukiza tchuthi chake ku Switzerland n'kukaonana ndi meya Christian Ude mu Malichi 2003. Mtengo umene Microsoft inatchula poyamba unali madola 36.6 miliyoni. Unatsika kufika pa 31.9 miliyoni, kenako pa 23.7 miliyoni. Njira ya Linux, imene ankaikokera makampani a IBM ndi SuSE, inali pa madola 35.7 miliyoni. Pa 28 Meyi 2003 khonsolo inavota kuti ipite ku Linux ndithu.

Manambala amenewa ndimakonda kuwaonetsa a zachuma. Mtengo unagwa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu m'miyezi yochepa, pa chifukwa chimodzi chokha: wogula anapezeka kuti ali ndi khomo lina lotulukira. Komanso khonsolo inasankha njira yodula. Amene amati Munich inathamangira zaulere sanaione mitengoyi. Chimene makhansala ankagula ndi mphamvu yoti mtsogolo azidzisankhira okha tsiku losintha zinthu ndi wowagwirira ntchitoyo.

Kodi laisensi imakupatsa chiyani?

Ukalipira Windows kapena pulogalamu ya maakaunti, pulogalamuyo siikhala yako. Wagula chilolezo choigwiritsa ntchito, pa makina owerengeka, motsata mfundo zimene mwini wake walemba. Khodi, kutanthauza malemba enieni amene pulogalamu imapangidwira, imakhala kwa mwini. China chikalakwika, wokonza ndi iye yekha, pa nthawi yake.

Open source nayo ili ndi laisensi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991, imayendera laisensi yotchedwa GPL, yochokera kwa Richard Stallman ndi bungwe la Free Software Foundation. Imalola aliyense kugwiritsa ntchito pulogalamu, kuwerenga khodi, kuisintha ndi kugawira ena. Koma ili ndi lamulo lake: ukagawira ena kapena kugulitsa chinthu chimene wachipanga kuchokera pa khodiyo, uyenera kuperekanso khodi yakoyo pansi pa laisensi yomweyo. Anthu ena ankaganiza kuti lamuloli ndi la pakamwa chabe, mpaka mu 2004 pamene khoti la mumzinda womwewu wa Munich linaletsa kampani ya Sitecom kugulitsa zipangizo zake za intaneti zimene munali khodi ya netfilter, mbali ina ya Linux, popanda kutsata GPL. Wodandaula anali Harald Welte, mmodzi wa olemba khodiyo. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti GPL imaluma kukhoti ngati laisensi ina iliyonse.

Mlandu wina wofunika unayambiranso m'makhoti a ku Munich: wa Oracle ndi kampani ya UsedSoft, yogulitsa malaisensi ogwiritsidwapo kale ntchito. Unakafika ku khoti lalikulu la European Union, limene mu Julayi 2012 linagamula kuti munthu amene anagula laisensi yosatha akhoza kuigulitsanso, bola iye asiye kuigwiritsa ntchito. Chigamulocho chinali chokomera ogula. Koma taonani kumene msika unalowera m'zaka zomwezo. Office 365 inayamba mu 2011, ndipo Adobe inalengeza mu 2013 kuti mapulogalamu ake atsopano azipezeka pa lendi basi. Chalendi sungachigulitse, ndipo ukasiya kulipira chimatsekeka. Malaisensi ambiri amene ndimasainira lero ndi a mtundu umenewu.

Munich inakumananso ndi mantha a milandu isanayambe n'komwe kusamuka. Mu 2004 ku Ulaya kunali mkangano wa lamulo lofuna kulola ma patent pa mapulogalamu (ziphaso zoletsa ena kugwiritsa ntchito luso limene wina watulukira), ndipo panali nkhawa yoti mzindawo ukhoza kudzasumiridwa chifukwa cha zinthu zina za mu Linux. Ntchito inaimitsidwa kwa kanthawi mu Ogasiti chaka chimenecho, kenako meya Ude anati ipitirire. Nyumba ya malamulo ya European Union inakana lamulolo mu Julayi 2005.

Zimene anapeza atatsegula makabati

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni, ndipo ndi pamene otsutsana aja sakonda kufika.

Pulojekitiyo inatchedwa LiMux, kuphatikiza mayina a Linux ndi München, ndipo mtsogoleri wake kwa zaka zambiri anali Peter Hofmann. Anayamba ndi mtundu wa Linux wotchedwa Debian, pambuyo pake anasamukira ku mtundu wina wotchedwa Ubuntu. Kuika Linux pa kompyuta imodzi ndi ntchito ya ola limodzi. Koma makompyuta oyamba anayamba kusamutsidwa mu 2006, ndipo pulojekiti inatsekedwa mu Disembala 2013, makina pafupifupi 14,800 atasamuka. Zaka khumi kuchokera pa voti. N'chifukwa chiyani?

Khonsolo inalibe ofesi imodzi ya makompyuta. Inali ndi timagulu 22, kalikonse m'dipatimenti yake, kalikonse ndi kachitidwe kake. Palibe amene ankadziwa mndandanda wonse wa mapulogalamu amene ankagwiritsidwa ntchito mumzindamo. Atayamba kuwerenga, anapeza mapulogalamu apadera mazanamazana, a misonkho, a zomangamanga, a kalembera wa nzika, ambiri olembedwa ndi makampani ang'onoang'ono kuti aziyenda pa Windows pokha. Anapezanso mafomu, makalata okonzeratu ndi ma macro (timalamulo tolembedwa mkati mwa fayilo kuti izidzichitira yokha ntchito zina) masauzande ambiri a mu Word ndi Excel, olembedwa ndi ogwira ntchito pawokha m'zaka zambiri, ena mwa iwo atapuma kale.

Ma macro amenewa ndimawadziwa bwino. Ofesi iliyonse imene ndagwirako ili ndi fayilo ya Excel imene aliyense amaopa kuigwira. Inalembedwa ndi mnyamata wina amene anachoka kalekale. Ukadina batani limodzi imawerengera msonkho, penshoni ndi ngongole za ogwira ntchito, ndipo palibe wodziwa chimene chili kuseri kwa batanilo. Fayilo yotereyi siioneka mu kontilakiti iliyonse, siili pa mndandanda wa katundu, koma ndi imene imamangirira ofesi yonse ku Microsoft Office, chifukwa ukaitsegula kwina batanilo silimvera. Tsono ganizirani mafayilo otere masauzande, m'madipatimenti onse a mzinda wa anthu oposa miliyoni imodzi.

A LiMux anachita zinthu ziwiri zimene ndimaziona kuti ndi zanzeru. Sanayambe ndi Linux. Anayamba kuika Firefox ya intaneti, Thunderbird ya maimelo ndi OpenOffice yolowa m'malo mwa Microsoft Office pa Windows pomwepo, kuti anthu azolowere zida zatsopano pansi pasanasinthe. Kenako anadzilembera pulogalamu yawo, WollMux, yosamalira mafomu ndi mitu ya makalata a khonsolo pamalo amodzi, m'malo mwa ma macro omwazikana aja, ndipo anaitulutsa ngati open source kuti ena aigwiritsenso ntchito. Mafayilo a m'khonsolo anayamba kusungidwa mu ODF, mtundu wa fayilo umene unavomerezedwa ndi ISO, bungwe la padziko lonse loona za miyezo, mu 2006 ndipo aliyense ndi wololedwa kulemba pulogalamu youwerenga.

Kusesa kumeneku kukanafunikabe ngakhale akanapita ku Windows XP. Linux inangoulula nyansi zimene zinali kale pansi pa mphasa. Koma popeza zinaululika pa nthawi ya LiMux, mlandu wa kuchedwa unagwera LiMux.

Pakati pa ulendo panachitikanso china. Oracle inagula Sun Microsystems, mwini wa OpenOffice, mu Januwale 2010, ndipo olemba khodi ambiri sanakhulupirire mwini watsopanoyo. Mu Seputembala chaka chomwecho anatenga khodi n'kuyambitsa LibreOffice pansi pa bungwe la The Document Foundation. Munich inadzasamukira kumeneko. Mwini atasintha, khodi ndi mafayilo zinatsala m'manja mwa ogwiritsa ntchito, chinthu chimene sichikanatheka ndi NT 4.0.

Mkangano wa ndalama

Mu Novembala 2012 khonsolo inatulutsa kuwerengera kwake koonetsa kuti LiMux inapulumutsa mayuro oposa 10 miliyoni poyerekeza ndi kukhala pa Windows ndi Office, makamaka pa malaisensi ndi pa makina amene sanafunikire kusinthidwa msanga. Patangotha miyezi iwiri kunamveka za kafukufuku wa kampani ya HP, wolipiridwa ndi Microsoft, wonena kuti LiMux inadya mayuro pafupifupi 60 miliyoni pamene Windows XP ikanadya 17 miliyoni. Khonsolo inatsutsa manambalawo.

Sindidabwa kuti mbali ziwirizi zinasiyana chonchi. Zimatengera chimene ukuwerenga. Malipiro a ogwira ntchito a khonsolo amene ankasamalira LiMux uwaika mbali iti? Ntchito yosesa ma macro ija ndi ya Linux kapena ndi ngongole yakale? Nanga kusamuka kotsatira, kochoka pa XP kupita pa Windows 7, ukuwerengera? Chimene ndimawauza a zachuma n'chakuti open source imachotsa ndalama pa mzere wa malaisensi n'kuziika pa mzere wa anthu: owalemba ntchito, owaphunzitsa, owasunga kuti asathawe. Walira mvula walira matope. Bungwe limene lichotsa mzere woyamba osadzaza wachiwiri lidzavutika, ndipo lidzanena kuti Linux ndi yoipa.

Kubwerera

Madandaulo analipo ndithu, ndipo ena anali oona. Munich inali chilumba. Maofesi a boma la Bavaria, a boma lalikulu, makampani ndi nzika ankatumiza mafayilo a Word ndi Excel, ndipo ena ankatseguka mizere itasokonekera, matebulo atasuntha. Wogwira ntchito amene kalata yake yaonongeka maonekedwe safuna kumva za ODF. Iye amangoona kuti ya kunyumba imatsegula bwino, ya kuntchito ayi. Mapulogalamu ena pa LiMux ankatsalira m'mbuyo chifukwa zatsopano zinkachedwa kufika pamadesiki. Ndiponso makompyuta masauzande angapo anakhalabe pa Windows chifukwa cha mapulogalamu apadera aja, moti khonsolo inkasamalira nyumba ziwiri nthawi imodzi.

Mu 2014 Christian Ude anachoka pampando atakhalapo zaka zoposa 20. Analowa Dieter Reiter wa chipani chomwecho cha SPD, koma tsopano mu mgwirizano ndi chipani cha CSU, wachiwiri wake ali Josef Schmid. Onse awiri anayamba kudandaula poyera za makompyuta a khonsolo, ngakhale zina zimene ankatchula, monga maimelo pa foni za m'manja, sizinali za LiMux kwenikweni. Khonsolo inalemba ntchito kampani ya alangizi ya Accenture kuti iunike zonse. Lipoti lake la mu 2016 linaloza kwambiri kayendetsedwe: ntchito ya makompyuta inali yogawikana pakati pa maofesi angapo, osadziwika bwino wolamula ndani. Pa za madesiki, linalangiza kuti pakonzedwe Windows yatsopano yoti izipezeka pambali pa LiMux. Andale anapitirira pamenepo. Mu Febuluwale 2017 anavota kuti pakonzedwe dongosolo lobwerera, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anavomereza kuti makompyuta onse apite pa Windows 10 pofika 2020, pa mtengo wa mayuro pafupifupi 49 miliyoni, mkati mwa ndalama zokwana pafupifupi 89 miliyoni zokonzera ntchito yonse ya makompyuta.

Otsutsa chisankhochi amatchula zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zoona: Accenture ili pa ubale wa malonda ndi Microsoft, mpaka ali ndi kampani imene anayambitsira limodzi yotchedwa Avanade, ndipo mu 2016 Microsoft inasamutsa likulu lake la ku Germany kuchoka ku Unterschleißheim kulowa mu Munich mwenimweni. Ine sindimangapo mlandu pa zimenezi. Ndikuona kuti chifukwa chokwanira chili poyera kale. LiMux inkadalira meya mmodzi ndi kagulu kamodzi ka akatswiri. Ogwira ntchito wamba sanaione ngati yawo, mizinda ina ikuluikulu sinatsatire kuti agawane katundu, ndipo makampani a mapulogalamu apadera analibe chifukwa cholembera Linux pofuna kukondweretsa kasitomala mmodzi. Mtetezi wake atachoka, panalibe woimirira.

Ndipo nkhani siithera apa, monga amafunira aja oti "zinawakanika". Mu Meyi 2020, zisankho zitachitika, zipani za Greens ndi SPD zinalemba mu mgwirizano wawo kuti mzindawo uzitsata mfundo yoti pulogalamu yolipiridwa ndi ndalama za anthu khodi yake ikhale ya anthu, ndipo kumene n'kotheka azisankha open source ndi mitundu ya mafayilo yotseguka. Madesiki sanabwerere ku Linux, koma mapulogalamu amene mzindawo ukulemba wokha akutulutsidwa poyera. Kwa ine apa ndi pamene anagwira mutu wa njoka, chifukwa mapulogalamu apadera aja ndi amene anawamanga miyendo poyamba paja.

Kwina zinayenda mosiyana. Apolisi a Gendarmerie ku France anayamba ndi OpenOffice mu 2005, n'kuyamba kuika Ubuntu mu 2008, ndipo akadali pomwepo ndi makompyuta masauzande ambirimbiri. Iwo ali ndi ulamuliro umodzi, ndipo mapulogalamu awo ambiri anawasamutsira mu msakatuli wa intaneti, moti pansi pakhale Windows kapena Linux sizisintha kanthu. Chigawo cha Schleswig-Holstein, kumpoto kwa Germany, chinalengeza mu 2024 kuti makompyuta ake pafupifupi 30,000 apite pa LibreOffice, Linux idzabwere pambuyo.

Kwathu kuno chingwe chake ndi dola

Munich ikakangana ndi Microsoft imalipira mu ndalama yake yomwe. Ife ayi. Laisensi imabwera pa invoisi ya madola, ndipo mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Pulogalamu yomweyo, anthu omwewo, koma bajeti yabooka. Ndipo kukhala ndi makwacha sikutanthauza kuti banki ikupatsa madolawo sabata yomweyo.

Nkhani ya NT 4.0 ija yabweranso kwa ife ndi dzina lina. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0 ndi purosesa yosakalamba. Makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi athu ndi akaunjika, amphamvu ndithu, koma sakwanitsa zimenezo. Ena amathawira ku Windows yobera, ija yolemba pakona kuti iyatsidwe ndi kiyi. Imeneyo ndimaikana m'ofesi iliyonse imene ndikuyang'anira: ndi kuphwanya lamulo la umwini, ndipo timapulogalamu toboolera laisensi nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi ake.

Chitsanzo chabwino tili nacho pafupi. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu ya open source yotsogoleredwa ndi University of Oslo ku Norway. Palibe laisensi ya pachaka, ndipo pali Amalawi amene anaiphunzira mpaka kumaisintha okha. Komabe maseva, intaneti ndi malipiro a akatswiriwo zimafuna ndalama chaka chilichonse.

Ndisanamizire kuti open source siingakumange. Ambiri a ife tinali ndi maseva a CentOS, mtundu wina wa Linux, pamene kampani yoiyang'anira ya Red Hat inalengeza mu Disembala 2020 kuti CentOS 8 ithera kumapeto kwa 2021, osati 2029 monga tinkayembekezera. Tinathamanga ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti m'miyezi yochepa kunabadwa AlmaLinux ndi Rocky Linux kuchokera pa khodi yomweyo, ndipo tinasamuka osataya kalikonse. Ndaonanso katswiri wa kuno konkuno atatenga pulogalamu ya open source, n'kuisintha, n'kusunga khodi yosinthidwayo ndi mapasiwedi onse pa laputopu yake. Bungwe lotero ndi lomangidwa chimodzimodzi, kungoti wolimanga amalankhula Chichewa.

Zimene zinandionekera ine

Bungwe lina laling'ono limene ndinkalithandiza linali ndi pulogalamu ya maakaunti ndi malipiro yochokera ku kampani ina ya kunja, kudzera mwa wothandizira wa kuno. Inkagwira bwino, ndipo ndinaivomereza ndine. Laisensi inali ya pachaka, m'madola. Kwacha itagwa, pempho lathu la madola linagona kubanki, tsiku la laisensi n'kukwana, ndipo linakwanira kumapeto kwa mwezi.

M'mawa umenewo mayi wa ku maakaunti anandiitana. Ndinapeza atakhala chete, magalasi ali m'manja, pa sikirini pali kabokosi kamodzi kofuna kiyi yatsopano. Kuseri kwake kunalibe chotseguka, ngakhale kungowerenga zakale.

"Achimwene, ndiye anthu tiwauza chiyani? Mawa ndi tsiku la malipiro."

"Mayi, zonse zilimo, sizinafufutike. Kungoti atitsekera panja."

"Zathu zomwe?"

Funso limenelo ndilibe nalo yankho labwino mpaka lero. Seva inali yathu, magetsi athu, manambala onse anawalowetsa ndi iwo ndi zala zawo. Koma database, nkhokwe yosungiramo manambala onsewo, inali yokhomedwa ndi kiyi ya kampaniyo, ndipo nditabwerera ku kontilakiti ndinapeza kuti munalibe mzere ngakhale umodzi wonena za mmene tingatulutsire deta yathu. Ndinaiwerenga ndisanasaine, koma ndinkayang'ana mtengo ndi nthawi yoyankhira madandaulo. Za potulukira sindinafunse.

Malipiro a mwezi umenewo tinawapanga pa LibreOffice Calc, kukopera pa mapepala a mwezi wapitawo amene mayiwo anali atasindikiza n'kusunga mu faelo, mwa chizolowezi chawo chakale. Tinakhala awiri mpaka usiku, iwo akuwerenga mokweza, ine ndikulemba, kenako kusinthana kuti tione zolakwika. Patapita masiku, titachonderera, anatipatsa kiyi ya kanthawi. Titapempha deta yonse anatchula mtengo wina, ndipo chimene chinabwera ndi mafayilo a CSV, mindandanda chabe ya mawu ndi manambala, opanda cholumikiza malisiti ndi ma invoisi ake.

Kuyambira pamenepo sindivomereza pulogalamu iliyonse, yogula kapena ya open source, ndisanaone ndi maso anga deta ikutuluka. Ndimapempha wogulitsa kuti pa chionetsero pomwepo atulutse zonse mu mtundu wa fayilo wotseguka, ndipo ndimakazitsegula pa kompyuta ina imene ilibe pulogalamu yake. Mu kontilakiti timalemba kuti deta ndi yathu, kuti pasiwedi yaikulu ya database ikhala kwa ife, ndi kuti laisensi ikatha pulogalamu izitsegukabe kuti tiziwerenga zakale. Ngati akutilembera pulogalamu yatsopano ndi ndalama zathu, khodi iziikidwa mosungira mwathu mwezi ndi mwezi, osadikira kumapeto, ndipo anthu athu awiri aphunzitsidwe, chifukwa mmodzi amachoka. Pa mtengo timakambirana za makwacha, zikakanika timaika malire a kakweredwe kake. Ogulitsa ena amavomera mosavuta. Ena amakwiya ndi mfundo ya kutulutsa deta kuposa ya mtengo, ndipo amenewo ndimawasiya.

Bungwe lija linasamukira ku pulogalamu ina chaka chotsatira. Zotsala za maakaunti ndi mayina a ogwira ntchito zinalowa bwino. Mbiri ya zaka zoyambirira sinatheke kulumikizika, moti ikadali mu seva yakale ija, imene ili pakona m'chipinda chosungira katundu, yosalumikizidwa ku intaneti. Oyendera mabuku akafunsa za zaka zimenezo, mayi aja amatsitsa mafaelo a mapepala pa shelefu.